Tchipisi Chopanda Anyezi

Evelesi sadali munthu wa mowa. Botolo limodzi lokha linkamuzunguza mutu, ndipo nyimbo zaphokoso ankadana nazo chiyambire utsikana wake. Tsono Lachisanu lija, mayi wamkulu ngati iye adakafunanji m'minibasi ya anthu oyendera mabala a mowa? Mukadamufunsa akadati akufuna kupitidwa mphepo, koma limenelo likadakhala bodza lamkunkhuniza. Iye ankafuna kukaona Asiatu, mnzake wa paubwana, ndipo adalibe mtima wopita yekha.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi adazithera ku Ireland akusamalira nkhalamba za eni. Atatopa ndi kuzizira adabwerera kudzakhala m'nyumba imene adamangitsa ku Area 43. Nyumbayo ndi nyumbadi: zipinda zisanu, mpanda wautali wa mawaya amagetsi pamwamba, geti lotsegula ndi kabatani. Koma m'katimo munkangomveka kulira kwa firiji. Mlonda ankamuti madamu. Ana a mlongo wake ankamuti anti a kunja. Ngakhale mlongo wakeyo, Nasoni, amene kale ankalimbirana naye mango mpaka kung'ambirana zovala, tsopano ankalowa atavula chipewa n'kumati, "Achemwali, mwaswera bwanji?" Aliyense inu, inu, inu. Ulemu ndi wabwino, sitikukana, koma ukachuluka umasanduka mpanda wachiwiri. Makolo ake adamwalira kalekale, ukwati udatha usadafike n'patali pomwe, ndipo m'Lilongwe monse mudatsala munthu mmodzi yekha amene akadamuitana kuti iwe.

Iye ndi Asiatu adakulira limodzi ku Area 4, nyumba zawo zoyandikana moti mayi wina akatsokomola, winayo ankati pepani ali m'nyumba mwake. Evelesi ankapita kutchalitchi, Asiatu ku madrasa, koma mbale idali imodzi. Pa Khirisimasi mayi a Evelesi ankaitana a Mikaili, bambo a Asiatu, kuti adzachinje nkhuku, mwana wawoyo adye nawo mosakayika.

Chidawalekanitsa ndi maliro. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, Evelesi ali patchuthi kudzaona za nyumba yake, foni idalira mbandakucha kuti Shabir, mwamuna wa Asiatu, watisiya. Tsikulo amisiri ankakhoma denga. Evelesi adati ayambe wathana nawo, kusiwa apita madzulo kukagona konko, poti kuika kukhala mawa. Adaganiza ngati maliro a kutchalitchi, munthu wokulira khomo limodzi ndi Asilamu, amene sagoneka maliro! Pamene takisi inkakhota msewu wa kwa Asiatu dzuwa litapendeka, adakumana ndi amuna a tizipewa toyera akuchokera kumanda. Manyazi adamugwira. Adauza wa takisi kuti atembenuke, nati abwera mawa mtima ukakhala pansi. Mawa lidabala mawa linzake, zengerezu adalinda kwawukwawu, mpaka ndege idamunyamula. Ali kunjako adalemba pafoni kuti, "Pepa mnzanga." Uthengawo udawerengedwa, yankho silidabwere, ndipo iye sadayerekezenso.

Chibwerereni padatha miyezi isanu ndi iwiri osaponda ku Old Town, komwe Asiatu ankakhala. Tsiku lina akungoseweretsa foni adaona chithunzi cha kagulu kena koyendetsa alendo m'mabala Lachisanu lililonse. Azungu atatu adanyamula mbale za tchipisi akuseka, ndipo kumbuyo kwawo, pa chiwaya, padaima mayi wa mpango wobiriwira. Evelesi adakulitsa chithunzicho ndi zala. Chipsera cha pachibwano, chimene Asiatu adachipeza atagwa panjinga ya Nasoni, chidali pomwepo. Pansi padalembedwa kuti ulendo umathera pa tchipisi cha mayi Asiatu. Apo m'pamene nzeru idamubwerera, nzeru ya munthu wamantha: akafike pakati pa gulu, zikavuta abisale kumbuyo kwa anzake n'kubwerera ngati sadafikeko.

Adakumana ndi gululo ku City Centre dzuwa likulowa, pamalo oimika magalimoto. Wotsogolera adali Clifton, bambo wamfupi wa wezulo pakhosi, wapakamwa ngati wogulitsa mankhwala m'basi. Ankamanga aliyense pamkono kalamba kachikasu kolembedwa kuti MLENDO. Atafika pa Evelesi adayang'ana jekete lake laubweya, adayang'ana nsapato, nazengereza.

"Madamu, inu ndi a konkuno kapena?"

"Ndangobwera kumene," adatero Evelesi.

"Basi ndinu mlendo wathu. Osadandaula, Lilongwe ndikuonetsani ine."

Motero munthu amene mchombo wake udagwera ku Area 4 adatambasula mkono, namangidwa kalambako.

M'minibasi mudali azungu anayi, bambo wina wa ku Kenya wobwera kumsonkhano, ndi atsikana awiri ogwira ntchito kubanki. Clifton adayamba kuwaphunzitsa moni, onse n'kumabwereza ngati ana a sitandade wani. Kenako adawafotokozera m'Chingerezi kuti kuno munthu umamulemekeza pomutchula ngati ndi ambiri, umati inu. Iwe ndi wa mwana, kapena wa mnzako weniweni wa pamtima, ndipo ukamunenera munthu wamba wamunyoza. Mzungu wina wamkazi wa tsitsi lofiira, amene adakhala pafupi ndi Evelesi, adalemba zimenezo m'foni mwake mosamala. Evelesi adatembenukira pawindo.

Bala loyamba lidali pamwamba pa nyumba yosanja, pomwe magetsi a mzinda ankaonekera mbali zonse. Atsikana a kubanki aja adamukokera mpando, nati, "Khalani apa, mami," kenako adamusiya pomwepo ngati ambulera. Anthu ankagundanitsa matambula n'kumajambulana. Iye adagwira fanta wake ndi manja awiri mpaka adafunda.

Bala lachiwiri, cha kufupi ndi Area 9, lidali ndi oimba. Clifton adati aliyense anene chimene wabwerera. Wa ku Kenya adati akuthawa chipinda cha hotela, atsikana adati akuthawa bwana wawo, ndipo onse adaseka. Evelesi adati wabwera kudzaona mzinda, ndipo adamuombera m'manja mwaulemu. Adaitanitsa mowa wotsekemera kuti alimbe mtima, namwa theka. Pamene anzake ankavina, iye adalowa kuchimbudzi n'kuima pagalasi akuyeserera mawu. Asiatu, ndine. Ndinalakwa. Mawu ochepa chonchi adamuvuta ngati mayeso a unamwino, ndipo adadzimvera chisoni poona mayi wa imvi ziwiri zitatu akudziyankhula pagalasi la m'bala.

Kenako adawoloka mlatho kulowa ku Old Town. Bala lachitatu lidali kanyumba kakale ka khonde la zipilala, m'kati muli tebulo la pulu. Clifton adauza alendo ake monyadira kuti malowa akhala akugulitsa mowa chiyambire nthawi ya atsamunda. Ha, bodza lake! Imeneyo idali shopu ya utelala ya a Mikaili. Pomwe padali firiji ya mowa ndi pomwe pankakhala makina awo, ndipo pakhonde lomwelo iye ndi Asiatu adayezedwa madiresi ofanana a madontho abuluu. Adatsegula pakamwa kuti akonze nkhaniyo, koma maso adagwera pa kalamba ka pamkono. Mlendo amatsutsa mwini mudzi?

Itangokwana teni koloko Clifton adaimba wezulo. "Tiyeni tikaponye kena kake m'mimba, mowa ungatimenye!"

Minibasi idaima pakhonde la sitolo ina yotseka, kutali ndi phokoso la mabala. Padali babu limodzi lolendewera pa chingwe, benchi, ketulo ya tiyi, ndi chiwaya chikuwira mafuta. Asiatu adali atanenepako, ndipo ankaima mopendekera mbali imodzi ngati mayi ake. Mpango udali womwe uja wa pachithunzi.

"Takulandirani alendo," adatero akumwetulira.

Onse adafola, Evelesi kumapeto. Ankaona manja a mnzake akugwira ntchito mofanana pa mbale iliyonse: tchipisi, mchere, kabichi, tomato, anyezi, tsabola pang'ono. Mzungu wa tsitsi lofiira adayesa "Muli bwanji" wake, Asiatu namuyamikira. Mzere udafupika. Evelesi adaganiza zobwerera m'minibasi monga adakonzera, koma miyendo idamutengera kutsogolo. Adaika chikwama pa benchi.

Asiatu adadzutsa mutu. Dzanja lake lidaima m'malere kanthawi kochepa, mafuta okha akuthetheka.

"Muli bwanji, mayi?" adatero.

"Ndili bwino, kaya... Asiatu."

"Tili bwino."

Adatapa tchipisi, nathira mchere, kabichi ndi tomato. Dzanja lidadutsa pamwamba pa mbale ya anyezi osaigwira, n'kukatapa tsabola masupuni awiri odzaza. Evelesi adaona. Chiyambire ali ana, iye ankatola anyezi yense m'ndiwo n'kukankhira mbali ya Asiatu, ndipo tsabola ankadya mpaka kutuluka mamina.

"Asiatu, ndine Evelesi."

"Ndakudziwani. Ndakudziwani mukutsika."

Ka "ni" ka kumapetoko kadamupweteka kuposa mbama. Akadakonda kutukwanidwa pamaso pa azungu onsewo.

"Za a Shabir zija," adayamba Evelesi, mawu onse a pagalasi atabalalika. "Ndinabwera. Ndinafika pakona, ndiye ndinakumana ndi anthu akuchokera kumanda. Ndinkaganiza kuti kuika ndi mawa lake. Ndinachita manyazi."

"Anandiuza kuti anakuonani mu takisi." Asiatu adatembenuza tchipisi m'chiwaya. "Ndinakhala m'nyumba miyezi inayi ndi masiku khumi, monga mwa mwambo wathu. Sabata yoyamba, munthu akati odi panja, ndinkati ndinu."

"Pepa, mnzanga. Ndinalakwa."

"Zinatha zimenezo, mayi. Idyani, chizizira." Maso ake adatsikira pa kalamba kachikasu kaja, nawerenga. "Mwabwera ndi gulu?"

"Eya."

"Zikomo potiyendera."

Adatembenukira kwa bambo wa ku Kenya amene ankafuna tiyi. Evelesi adadya ali chiimire, kumbali, pomwe kuwala kwa babu kunkathera. Tchipisicho chidali monga momwe ankachikondera, ndipo chimenecho ndicho chidamuliritsa. Akadamuiwala bwenzi zili bwino, akadati zaka ndizo zachita. Koma munthu ankakumbukira mpaka anyezi, n'kumutsekera chitseko mwaulemu chonchi. Misozi adainamizira tsabola.

Wezulo adalira. Evelesi adaika mbale pa mulu wa zinzake, nati zikomo osayang'ana kumbuyo, n'kutsatira gulu. Adali ataponda kale pakhomo la minibasi pamene mawu adang'amba msewu wonse.

"Iwe! Evelesi iwe! Chikwama chako ichi! Kodi udzasintha liti iwe?"

Adali mawu a ku Area 4 enieni, omwe aja ankamukalipira akaiwala kope pa desiki, akasiya nsapato kumpopi. Evelesi adatembenuka mtima uli m'mwamba. Asiatu ankabwera mothamanga pang'ono, akutsimphina, chikwama chili m'dzanja lamafuta. Koma mtunda wa pakati pa chiwaya ndi minibasi udamukwanira kuti akumbukire. Pofika, nkhope idali itabwerera m'malo mwake.

"Mwaiwala chikwama, mayi. Muyende bwino."

Evelesi adachilandira ndi manja awiri. "Ndibwere mawa masana? Ndekha?"

Asiatu adayang'ana kuchiwaya, komwe mafuta adayamba kufuka. "Msewu ndi wa aliyense," adatero, nabwerera.

M'minibasi anthu ankaimba, aliyense nyimbo yake. Mzungu wa tsitsi lofiira adatsegula foni, nawerenga zimene adalemba zija, kenako adamugwira Evelesi paphewa. Adafunsa m'Chingerezi, modandaula ndithu, kuti mayi wa tchipisi uja wanena kuti iwe, kodi sadamunyoze? Ngati wamunyoza, auze Clifton.

"Ayi," adatero Evelesi. "Sanandinyoze."

Mzunguyo adadikira kuti amve zambiri, koma Evelesi adali atatembenukira pawindo, akuona khonde la a Mikaili likutsalira m'mbuyo.

Adamutsitsa womaliza. Ku Area 43 misewu idali zii, mipanda yokhayokha ndi agalu ouwa osaoneka. Mlonda adathamangira kugeti atavula chipewa. "Mwayenda bwanji, madamu?" Iye adayankha kuti wayenda bwino. M'khitchini adatenga sizasi, nadula kalamba kaja, n'kukaponya mu bini. Kaya mawa Asiatu akamupatsa mpando, kaya akamupatsa mbale ndi inu wina, sadadziwe, ndipo mantha adali akadalipo. Adakhala pa tebulo lake la mipando isanu ndi itatu, firiji ikulira, chikwama chili pamiyendo. Chogwirira chake chidali chonona ndi mafuta a m'dzanja la Asiatu, ndipo sadachipukute.