Mpando Wakutsogolo wa a Dolika

Aphunzitsi a Enoch Miti atalandira penshoni yawo sanafunse nzeru kwa munthu. Analunjika ku kampani yogulitsa magalimoto m'tauni ya Chipata n'kutulukamo ndi vaneti yoyera, yatsopano, yonunkhira kufakitale. Anapatsidwanso kabuku ka walanti, lonjezo lakuti chilichonse chikawonongeka m'zaka zitatu kampani idzakonza ulere, bola pasakhale makaniko wapamsewu wokhudza galimotoyo. Kabukuko anakaika m'kati mwa Baibulo, ndipo kunena zoona ankakawerenga kuposa Masalimo.

Pulasitiki wa pampando wakutsogolo sanamuchotse. Akazi awo, a Betty, ankatsika m'galimotomo chitenje chitanyowa ndi thukuta, akudandaula, koma yankho linali limodzi: pulasitikiyo adzang'amba ndi a Dolika. A Dolika anali alongo awo aakulu, amene anawaphunzitsa sukulu ndi mtedza wosenza pamutu makolo atamwalira. Tsiku limene galimoto inagulidwa anawaimbira foni kumudzi ku Kasenengwa, ndipo mayiyo analulutira mpaka foni kulira m'khutu.

“Iwe Enoch, undikweze kutsogolo, anthu andione!”

“Asisi, mpando wanu ulipo. Mvula ingotha ndikubwera.”

Mvula inatha. A Enoch anati msewu uli ndi zigwembe, adikire kaye aukonze. Galimoto ija ankaisamala ngati dzira. Pakhomo pawo pafupi ndi Mtenguleni panali chipinda chachikulu cha chitseko chachitsulo, mosungira chimanga, ndipo atakolola anangosunthira matumba kukhoma n'kumaitsekera momwemo. Ankati umo ndiye simufika wakuba, dzuwa, ngakhale maso a obwereka.

M'mwezi wa Julaye a Dolika anadwala kwambiri. Atagonekedwa milungu iwiri, madokotala anawatulutsa ndi mawu aja onenedwa chapansipansi, akuti akapumule kunyumba. Mwana wawo Yosefina anawatengera kunyumba kwake ku Kapata, m'tauni ya Chipata, koma iwo ankafuna kwawo, kukhonde lawo, akaone mbuzi zawo. Yosefina atati apeze takisi, a Dolika anakana kwamtuwagalu. Anati mlongo wawo ali ndi galimoto, ndipo mpando wawo ukuwadikira.

Loweruka m'mawa a Enoch anavala jekete, natsegula chitseko chachitsulo, napotokola kiyi. Zii. Anapotokolanso. Timagetsi tinangothwanima paliponse, injini osatsokomola n'komwe.

A Betty anaitana mlongo wawo Alfonsi, makaniko wokonzera pansi pa mtengo wa mango, munthu amene mathilakitala a dera lonselo ankamudziwa. Anafika ndi thumba lake la masipanala, naima pakhomo la chipindacho, nanunkhiza, nayang'ana pansi m'mbali mwa matumba.

“Alamu, muno mukununkha makoswe. Tsegulani boneti ndione mawaya.”

“Manja ako amafutawo asakhudze galimoto yanga! Ukangomasula nati imodzi, walanti yatha.”

“Ndingoyang'ana chabe, alamu. Odwala akudikira.”

“Iyi si thilakitala, Alfonsi. Ili ndi eni ake ophunzira.”

Alfonsi anatola thumba lake, nachoka. Koma abale, munthu kuphunzitsa ana a eni zaka makumi atatu, n'kulephera kumva chinthu chimodzi chokha chochokera kwa mlamu wake!

Lachiwiri kampani inatumiza galimoto yokoka, ndipo a Enoch anatsagana nayo ku Chipata. Mtsikana wa pa desiki, Juliet, anawalandira ndi ulemu wonse, nawapatsa mpando wofewa ndi madzi ozizira. Anati vuto la magetsi pa galimoto ya walanti saligwira chisawawa: ayenera kulemba lipoti, lipoti lipite ku Lusaka, a ku Lusaka avomere, kenako abwere katswiri wa kompyuta amene amazungulira zigawo zonse.

“Abwera liti, mwanawe?”

“Sabata yamawa, adadi. Musadandaule, simulipira kalikonse.”

Sabata yamawa ija inabereka inzake. Tsiku lina lipoti linasowa siginecha, tsiku lina katswiri anali ku Mansa, tsiku lina netiweki. A Enoch ankakwera basi m'mawa, n'kukakhala pampando wofewa uja akuyang'ana galimoto yawo pawindo ikusonkhanitsa fumbi kumpanda, kenako n'kuyenda wapansi kupita ku Kapata. Kumeneko ankapeza a Dolika atachepa kuposa dzulo, maso okha ali pakhomo.

“Yabwera?”

“Sabata yamawa, asisi.”

Anazindikira ndi manyazi kuti akuyankhula ngati Juliet. Sabata yachitatu Alfonsi anawatumizira uthenga kudzera kwa a Betty, kuti aitulutse galimotoyo, iye aikonza dzuwa lisanalowe. A Enoch anagona nawo mawuwo, mtima uli pawiri. M'mawa anatsegula kabuku kaja, nawerenganso ndime yoletsa, n'kunena kuti munthu sataya zaka zitatu chifukwa cha masiku asanu ndi awiri. Yosefina anagwada, nawapempha kuti amalumewo awauze okha mayi ake kuti akwere takisi. Anapitadi kukawauza, koma a Dolika anatembenukira kukhoma.

“Ndinadikira kuti umalize sukulu zaka khumi ndi ziwiri. Sabata imodzi ingandikanike?”

Anamwalira Lachinayi la sabata yachisanu, masana, m'chipinda cha lendi, mbuzi zawo osazionanso.

Mwambo ndi wakuti wagalimoto pabanja ndiye amanyamula maliro, safunsidwa kawiri. Bokosi la a Dolika linakwera pa chilole chakale cha Alfonsi, cholira mochita kukankha, chitseko chomanga ndi chingwe. A Enoch anakhala kumbuyo pamodzi ndi amayi oimba, dzanja lili pabokosi kuti lisagunde m'zigwembe. Polowa m'mudzi anthu anaima m'mbali mwa msewu, ndipo anamva mayi wina akufunsa mnzake mosabisa kuti kodi galimoto yotchuka ija ili kuti. Palibe anawanyoza pamaso. Anangowapatsa mpando, n'kumawalambalala.

Patapita masiku anayi chiikireni maliro, foni inalira. Anali Juliet, mawu ake osangalala: katswiri wafika.

Mkulu wa amakaniko, a Malcolm, anawatengera kugalimoto boneti ili yotsegula. Anawaonetsa mtolo wa mawaya, atatu mwa iwo atadukaduka, mano akuonekera bwinobwino. Pambali pa batire panali njere za chimanga ndi zitosi.

“Makoswe, abwana. Pepani, walanti imakonza zolakwika za kufakitale. Khoswe si wa kufakitale.”

“Milungu isanu ndi umodzi,” anatero a Enoch. “Milungu isanu ndi umodzi kuti mutsegule boneti?”

“Ndi malamulo, abwana. Tikanatsegula Lusaka isanavomere, bwenzi mlandu uli wathu. Koma musade nkhawa, ndi kantchito kochepa. Makaniko aliyense akhoza kulumikiza pa maola awiri.”

Ankafuna kukuwa, kugenda mawindo onyezimirawo, kutukwana Lusaka yense ndi makompyuta ake. Koma akanatukwana ndani? Amene anatsekera galimoto m'chimanga anali iwo. Amene anabweza Alfonsi pakhomo analinso iwo. 

“Chisa cha khoswe tachipeza kuseri kwa dashibodi,” anapitiriza a Malcolm, akutulutsa m'katoni mpira wa tizidutswa tonyezimira. “Onani luso lake. Anamangira pulasitiki.”

A Enoch anazungulira, natsegula chitseko cha kumanzere. Pulasitiki wa pampando wa a Dolika anali atang'ambidwa kuyambira pakona mpaka pakati, ndipo pansalu yatsopanoyo panali timapazi tafumbi.

Anatseka chitseko pang'onopang'ono, natulutsa foni, naimba.

“Alamu,” anatero, dzina limene anali asanamuitanepo nalo Alfonsi chigulireni galimoto. “Bwerani ndi masipanala anu.”



“Ndibwera mawa,” anayankha Alfonsi. “Palibenso chothamangira.”