Felemu Yaing'ono

A Febian anainyamula ndi zala ziwiri, naizunguza m'mwamba, kenako anaigogoda ndi chikhadabo. Inalira ngati chipanda chouma.

"Akulu anga anawapusitsa," anatero. "Iyi ni pulasitiki chabe."

Keziah anafuna kuwalanda, koma anaugwira mtima. Chimene atate ake aang'onowo ankazunguza chinali felemu ya njinga yampikisano, yakuda, yopanda mawilo, yopanda chishalo, yopanda tcheni. Ina yofiira, yokulirapo, inali itatsamira khoma. Zonse ziwiri zinabwera pa basi kuchokera ku Lusaka atate ake, a Wilbroad Daka, akadali moyo. Wamalonda wina dzina lake Musa anawatumizira kuti asankhe imodzi imene analipira, inayo ibwerere. Asanasankhe, lole inawagunda pachitunda cha ku Nyimba, ndipo njinga yawo yakale inapindikira pomwepo. Tsopano Musa anali ataimba foni kupepesa maliro, n'kukumbutsa mwaulemu kuti felemu yotsalayo ikwere basi ya masana.

Mipando inali ikadali panja chitulutsire tsiku la maliro, kotero onse anakhala pansi m'balaza. Malaya anali atagawidwa, nsapato zitapeza mapazi, wailesi itapeza mwini. Namfedwa, a Vivian, anakhala pangodya atafunda chitenje chakuda. Pa kugawa katundu namfedwa salankhula, amangopenya.

"Yofiila ndiye ya mwamuna," a Febian anagamula. "Jerry, imilila."

Jerry anaimirira mwamanyazi. Anali mwana wa mlongo wa malemu, mlimi wa ku Kalindawalo, wamtali ngati amalume akewo.

"Mwaona? Msinkhu umodzi. Kwathu njinga ya amalume imapita kwa muphwa, nkhani siyayamba lelo. Tizaiwotchelela kaliyala kumsika, azinyamulilapo nshawa na thonje."

"Siwotcheleledwa," Keziah anatero.

"Ati bwanji?"

"Ni kaboni, atate, si chitsulo. Mukaiyandikiza moto izapsa monga chigubu. Mukaikapo thumba la nshawa izathyoka musanatuluke mu Petauke."

A Febian anayang'ana achibale mmodzimmodzi. "Mwamva? Manje ni njinga yanji yosanyamula katundu?"

"Yokwelela mapili."

"Kukatenga chani pamwamba pa phili?"

Ena anaseka. Funso lomwelo anthu a ku Petauke ankawafunsa a Wilbroad moyo wawo wonse. Munthu wamkulu, mphunzitsi wathunthu, kumavala kabudula wothina n'kupalasa mpaka ku Nyimba, kukamwa madzi basi, n'kutembenuka! Ndiye ngati misala ya munthu mmodzi sinakwane, anakokeramonso mwana wamkazi. Keziah ankawatsata pambuyo pa chinjinga chachitsulo cha pasalaula, msika wa katundu wogwiritsidwa kale ntchito, cholemera ngati chitseko, azimayi a pamsika akumuloza ndi milomo. Pa zitunda ankafika pamwamba maso ali gwa, mpweya utamuthera, koma wilo la atate ake sankalitaya. Tsiku la ngozi anatsala kunyumba ndi malungo. Ndipo pochokera kumanda amai ake ananena mawu amodzi okha, kuti m'nyumba muno simudzalowanso njinga.

Keziah anadziwa kuti felemu yaing'onoyo ikakwera basi, iye sadzapalasanso.

Anakwawa ndi maondo mpaka pakati pa balaza, mwaulemu monga anaphunzitsidwira, koma mawu ake analibe maondo.

"Atate, yofiilayo ni youma. Kutsogolo ni kotsika, munthu umagona pa mahandulo. Ni ya msewu wosalala, wopanda zitunda. Pa msewu wathu uno izakuphwanya msana usanafike pakati. Yakudayi ni yopepuka, kutsogolo ni kokwela pang'ono, ungachove tsiku lonse. Imalola matayala aakulu, a maenje athu. Ndipo ni saizi yanga."

"Saizi!" a Febian anawomba m'manja. "Njinga ili na saizi monga bulauzi? Chinthu umatenga chachikulu, aliyense akwelepo."

"Njinga si yunifomu ya sukulu yakuti mwana azakulilamo."

"Iwe!" Amene anakalipa anali a Goodness, mlongo wa malemu, amake Jerry. "Maluwa sanafote kumanda, iwe uyankha akulu so?"

A Febian anakweza dzanja. Sanali munthu woipa ayi, anali chabe munthu amene sanagonjepo kwa mwana. "Chabwino. Tifunse chimodzi. Atate ako anakuuza kuti iyi ni yako?"

Apa ndiye panali pachilonda. Keziah akanatha kunama, panalibe womutsutsa. Koma anakumbukira mmene atate ake ankakhalira pakhonde ndi felemu yofiirayo pamiyendo, akuisisita, akuipenyetsetsa padzuwa, akumwetulira okha. Yakudayo ankangoisuntha posesa. Zinkamupweteka nthawi imeneyo, ndipo zinamupwetekanso tsopano.

"Sananiuze."

"Basi, nkhani yatha. Jerry, tenga katoni, tiimange yakudayi."

Keziah sanadikire katoni. Anaitsomphola felemu m'manja mwa a Febian, nailowetsa paphewa, naimirira pakati pa akuluakulu ali chikhalire. M'nyumba monse munamveka kuti haa!

"Mukafuna kuikweza basi, munikweze nayo pamodzi."

"Khala pansi, mwana iwe!"

"Sinikhala."

A Goodness anayamba kulira, kulira kwenikweni, osati kwa pamaliro kongothandiza anzako. "Msewu uja wadya mlongo wanga. Tinakamutenga mu bulangete. Manje ufuna amai ako akatengenso iwe? Ulibe chifundo?"

Mawuwo anamulasa, pakuti anali oona. Keziah anatembenukira kungodya. Koma felemu sanaitule.

"Amai, na ine niopa. Nikamva lole pamsewu mtima umachoka. Koma nikaleka kuchova, ndiye kuti lole ija yapha anthu awili. Ine sininafe, amai."

A Vivian anagwira khoma, nadzuka pang'onopang'ono, mafupa akulira chifukwa chogona pansi masiku onse a maliro.

"Alamu," a Febian anatero motsitsa mawu, "inu pumulani, tizakonza ise."

"Napumula mokwanila, alamu." Anamanga chitenje m'chiuno. "Msewu uja nimadana nao. Nizadana nao mpaka kufa. Nikanakonda zonse ziwili zikwele basi, nisazionenso. Koma nakhala pano nikumvela muli kugawa chinthu chimene mwini wake anagawa kale, ndipo nikapitiliza kukhala chete nizakhala wakuba."

A Vivian anakodola mwana wawo.

"Keziah, bwela uime apa."

Keziah anaima pambali pawo. Mapewa awo analingana ndendende.

"Mwaona? Ine na uyu msinkhu ni umodzi, miyendo imodzi, manja amodzi. Akulu anu anafuna kumudabwitsa mwana, ndiye anasowa pomupimila. Uyu akangopita kumsika, ati Vivian, vula nsapato, tsamila khoma. Kunipima mwendo na chingwe. Kunipima dzanja. Ine mai wa bungwe la kutchalitchi! Mafelemu atafika, ndiye zinanyanya. Anachotsa mawilo, chishalo na mahandulo pa njinga yao, kumanga pa yakudayi, kukhoma chitseko, ati kwela."

Jerry anabisa nkhope m'manja. A Goodness analeka kulira, kukamwa kuli yasa.

"Nanga yofiila?" a Febian anafunsa, mawu atachepa.

"Yofiila anaifuna, asakunamizeni munthu. Anailota zaka. Anapempha Musa aitumize kuti aigwileko chabe. Ati Vivian, nilekeni niisisite, ine zitunda zanga nakwela kale, koma mwana uja akwela na chinjinga cholemela monga chitseko ndipo sanikhalila kumbuyo. Ati nifuna nione tsiku limene azanisiya pa chitunda cha Nyimba, nikalephele kumugwila."

Keziah anafumbata felemu pachifuwa, misozi ikugwera pa kaboni.

"Jerry mwana wanga, usanikwiyile," a Vivian anatero. "Chinjinga chachitsulo chili kuseli, chili na kaliyala kale. Koma iyi iyai. Ine sininawawitse msana wanga kuwelamila iwe."

Jerry anadzuka, natenga felemu yofiira, nayamba kuikulunga m'katoni mosamala ngati ingamve kuwawa. A Febian anatsegula pakamwa, nayang'ana mlongo wawo, natsekanso.

"Kuwelama bwanji, amai?" Keziah anafunsa, akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

"Ha! Sunaone."

Pamaso pa alamu awo onse, namfedwa anatanyula miyendo pang'ono, nawerama, natambasula manja kutsogolo kugwira mahandulo amene panalibe.

"So. Ndiye atate ako aima apa, dzanja pamsana panga kuti nisagwe. Ati pawawa pati? Khosi? Mapewa? Usaname, Vivian, ulendo wa mwana ni wautali."

A Goodness anaseka kamodzi, kuseka n'kusanduka kulira. Koma a Vivian sanaweramuke msanga. Anakhala choncho, manja ali m'malere, msana uli poyera, akudikira dzanja lija.