Madontho Achikasu pa Mabawuti

Anali kuchapa ovololo ya bambo ake kuseri kwa nyumba pamene wowotcherera zitsulo wa pafupi anasuzumira pampanda. Girizi wa m'maondo ankakana kuchoka, ndipo mtsikanayo, yemwe aliyense ankamutcha Sipanala chifukwa anakulira m'garaja, anali atasintha madzi kachitatu. Panali patatha masiku asanu chiikireni maliro a bambo akewo.

Wowotchererayo anayamba ndi kupepesa, kenaka ananena chimene anadzera. Galimoto yofiira ija, yampikisano, imene bambo ake anaikonza, anali ataikoka n'kudzaisiya pageti la garaja. Mwini wake anali pomwepo, akuuza aliyense wodutsa kuti malemu anamuphera injini, ati anaiwala kumanga mabawuti a m'kati chifukwa cha ukalamba. Anthu awiri anali atabwera kale kudzatenga magalimoto awo asanakonzedwe.

Sipanala anasiya ovololo m'beseni. Amayi ake, amene ankasesa pakhonde, anamuuza kuti apukute kaye m'manja, koma iye anali atatuluka kale.

Bambo ake anakonza injini za magalimoto othamanga kwa zaka makumi atatu, ndipo panalibe ndi imodzi yomwe imene inabwerera itanoka, ndiko kuti itaferatu m'kati. Ankati injini yotere ili ngati munthu wamtima wapachala, mphamvu zambiri koma kupirira kochepa. M'kati mwake zitsulo zimayandikana kwambiri moti pakati pake pamangokwana kaoyilo kopyapyala kuposa tsitsi, ndipo kaoyiloko kakasowa kamphindi chabe, chitsulo chimadya chinzake. Injini ya galimoto yofiirayi anaimanga miyezi iwiri. Inanoka pabwalo la mipikisano tsiku lachiwiri itatuluka. Patapita milungu iwiri, iwo anagwa m'garajamo, mtima utaima.

Mwini galimotoyo ndi amene analankhula motalika kumaliro za ubwenzi wake ndi malemu. Lero ananena kuti sankafuna kusokoneza anamfedwa, koma chilungamo ndi chilungamo. Sipanala anamufunsa ngati anaiona ndi maso ake bawuti yosamangayo.

"Mwana iwe, bambo ako anabwera kwathu, anayang'ana oyilo, anakhalanso m'galimotomo kanthawi, kenaka anavomera ndi pakamwa pawo kuti cholakwa n'chawo. Ufunse mchimwene wako, analipo."

Mchimwene wakeyo anali dalaivala wa bwanayo, ndipo ndi iye ankayendetsa tsiku limene injini inanoka. Anaima kumbuyo, maso ali pansapato.

Sipanala anapempha kuti amupatse mpaka folo koloko. Akapeza bawuti imodzi yokha yolefuka, chikwangwani cha bambo ake adzachizula yekha. Bwanayo anaseka, nati akazi a masiku ano alibe mantha, n'kupita. Wowotcherera uja sanadikire kupemphedwa. Anagwira chiwongolero kudzera pawindo, ndipo iye, Sipanala ndi mchimwene wake anaikankhira galimoto m'kati.

Oyilo anatuluka akunyezimira ndi tizitsulo tosalala ngati ufa. Sipanala anagona chagada pansi pa injini n'kuchotsa chibeseni cha oyilo. Bambo ake anali ndi kachitidwe kamodzi kamene sankakasiya ngakhale atatopa chotani. Bawuti iliyonse ya m'kati ankaimanga katatu, pang'onopang'ono, ndi sipanala yoyezera mphamvu, ndipo ikalira komaliza ndi pamene ankadontheza penti wachikasu pamutu pake. Kale Sipanala ali wamng'ono anadontheza penti pa bawuti yosamaliza pofuna kuthandiza, ndipo anakhala sabata yathunthu osaloledwa kugwira chida. Dontho silinama, anatero bambo ake.

Anaunika ndi tochi. Mabawuti khumi ndi awiri, madontho khumi ndi awiri. Anaika sipanala yoyezera pa iliyonse, ndipo iliyonse inalira osasuntha ngakhale pang'ono. Kenaka anamasula mabeyaring'i, tizitsulo timene zitsulo zozungulira za m'injini zimatsamirapo. Amene anali kutali ndi pampu ya oyilo anali atapsa, akuda bii, okandika ngati anawakhutiza pasimenti. Oyilo sanafikeko. Izi zimachitika munthu akaponda moto injini ikadali yozizira, oyilo ali wolimba, asanayambe kuyenda.

Anatuluka, n'kuika beyaring'i imodzi pathebulo patsogolo pa mchimwene wake.

"Achimwene, munaidikira mphindi zingati?"

Mchimwene wake anati nkhaniyo bambo anaitseka okha, ndipo si bwino kufukula zimene akufa anakwirira.

"Ndafunsa mphindi. Kapena atsikana a pabwalo paja sakanadikira kuti amve kulira kwa injini?"

Mchimwene wakeyo anakwiya nayenso. Anati iye Sipanala amadziwa zitsulo zokha, sadziwa kukhala ndi bwana amene waitana alendo ake ndipo akukugogodera padenga kuti tiye, tiye. Anangoponda kawiri, mwina katatu. Bwanayo akamva, ntchito yatha, ndipo pabwalo lonse lija palibe amene adzamupatsenso chiwongolero. Kunyumba kuli ana awiri.

"Inu ntchito ina mudzaipeza," anatero Sipanala. "Iwo dzina lina akalipeza kuti, kumanda?"

Anaponya sipanala m'bokosi mwamphamvu moti tinati tina ta mabawuti tinalumphira pansi. Ananena zambiri: kuti mchimwene wake ananyamula bokosi la maliro ndi mapewa omwewo amene anakana kusenza mlandu wake, kuti anamvetsera anthu akutcha bambo awo nkhalamba yoiwala iye ali duu ngati tayala lakuphwa. Mchimwene wake anatola tinati tija kamodzikamodzi, n'kutiika pathebulo.

Amayi awo analowa ndi makapu awiri a tiyi. Anapereka imodzi kwa mwana wamwamuna, inayo anaiika pafupi ndi Sipanala pamodzi ndi kansanza koyera. Anayang'ana beyaring'i yopsayo ngati chinthu chimene ankachidziwa kale. Ananena kuti tsiku limene bambo anapita kukaona galimotoyo, bambowo sanadye. Anatseka chitseko n'kupemphera nthawi yaitali, ndipo potuluka anangoti dzina lawo lakalamba, likhoza kupirira chipsera, koma la mwana likadali lanthete.

"Ndiye ananamiza ndi ine ndemwe," anatero Sipanala. "Ine amene ndinawagwirira tochi pomanga injini imeneyi."

"Ndinawauza kuti bodza lachifundo ndi bodza ndithu," anatero amayi. "Ine sindikuuzani chochita. Mulungu akupatseni nzeru nonse awiri, koma mumwe tiyiyo asanazizire."

Palibe anamwa.

Bwana uja anafika folo koloko itangokwana. Sipanala anamupatsa katoni yoti agwadepo kuti asadetse buluku, n'kumuunikira madontho aja, n'kumugwiritsa sipanala kuti ayese yekha pa mabawuti amene sanamasule. Bwanayo anadzuka akupuma movutikira. Anavomera kuti mabawuti ndi omanga. Koma nanga injini yake inafa ndi chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani munthu wamkulu anavomera mlandu umene sunali wake?

Yankho linali pathebulo, ndipo Sipanala analifikira ndi dzanja. Anayang'ana mchimwene wake, anayang'ana amayi ake ataima pakhomo. Anabweza dzanjalo, nanena kuti iye analonjeza za mabawuti, ndipo mabawutiwo awaona. Galimoto yawo atenge.

Bwanayo anagwedeza mutu. Anati ngati si mabawuti ndiye kuti nkhalambayo inaiwala china, poti munthu sangavomere chabe. Analamula dalaivala wake kuti alowe awongolere, ena akankhe.

Mchimwene wa Sipanala anali asanakhalenso pampando umenewo chinokereni injini. Analowa, n'kugwira chiwongolero. Anthu anakankha, koma galimoto sinasunthe, chifukwa phazi lake linali pa buleki. Pambali pa geji ya kutentha kwa oyilo panali pomatidwa kapepala kamene panalibe tsiku lija. Panali kamuvi koloza pakati pa geji, ndipo pansi pake zilembo zopendekeka za bambo ake: Singano ifike apa kaye, mwanawe. Ukatero uthamange mmene ungafunire.

Bwanayo anagogoda padenga.

Mnyamatayo anatsegula chitseko koma sanatuluke. Anauza bwana wake kuti injiniyo anaipha ndi iye, anaiponda yozizira, ndipo bambo ake sanaiwale kanthu. Anati zimenezi akazinena yekha pageti, ndi pabwalo pomwe, kwa aliyense amene anamva zinazo. Bwanayo anayamba kulankhula, koma iye sankamvanso. Anasalaza ndi chala ngodya ya kapepalako, imene inali itayamba kumatuka.

"Bambo," anatero mokweza, moti ndi wowotcherera yemwe anavula chipewa, "sindinadikire. Ndikhululukireni."