Ofesi ya Mayi Ikusamuka

Bambo Mabuleki anamva kwa mkamwini wawo kuti ofesi ya kampani yomwe ankagwirako ntchito kale ikutsekedwa, kampani ikusamukira m'nyumba yosanja pakati pa tauni. Anavala jekete lawo lakuda, n'kunyamuka kuti akaione komaliza.

Dzina loti Mabuleki anawapatsa ndi madalaivala anzawo kalekale, ati chifukwa ankaponda mabuleki nkhuku ikadali kutsidya kwa msewu. Kampaniyo inalibe lole ngakhale imodzi. Ntchito yake inali kupeza madalaivala n'kumawatumiza kwa eni malole amene akusowa woyendetsa. Mwini wake anali mzimayi wamfupi wa mawu aakulu, yemwe aliyense ankangomutchula kuti Mayi.

Atafika pakhonde, a Mabuleki anaima kaye. Apa m'pamene ankasonkhana m'mawa uliwonse, kumwa tiyi m'makapu a malata, kunamizana za misewu yomwe ena mwa iwo anali asanaipondepo n'komwe. Mayi ankatuluka n'kumayang'ana munthu aliyense m'maso. Amene maso afiira ankamulozera kachipinda kakuseri komwe kunali matiresi, ndipo panalibe kukambirana. Eni malole akaimba foni mokalipa, Mayi ankawayankha kuti katundu adikire, munthu wawo sanagone.

Tsiku lina Mayi anaona a Mabuleki akutsinzinira pofuna kuwerenga nambala ya lole imene inaima pageti. Pagulu sananene kanthu. Anawaitanira mkati, ndipo mawa lake anawaperekeza okha kuchipatala cha maso. Dokotala anati magalasi awathandiza masana, koma zoyendetsa mumdima aiwale. Zimenezi zinatanthauza kuti maulendo aatali atha basi. Pobwerera a Mabuleki anachonderera njira yonse kuti mwini malole wina amene ankakonda kuwapatsa maulendo asauzidwe. Anatchula za ana, anatchulanso zaka zomwe anayenda popanda kukanda galimoto ya munthu.

"Achimwene," anatero Mayi, "ndikabisa zimenezi, tsiku lomwe simudzabwerako alamu anga ndidzawauza chiyani?"

Anakamuuzadi. Mwini malole uja anapsa mtima, mpaka anasiya kutenga madalaivala pakampanipo. Mayi anawapezera a Mabuleki galimoto yogawa buledi m'magolosale a m'tauni, ntchito yoweruka dzuwa likadalipo. Iwo anaona ngati atsitsidwa. Anzawo ankawaseka kuti tsopano akununkhira ngati bekale, ndipo kwa nthawi yaitali ankadutsa paofesipo nkhope ili kumbali.

Mkwiyowo unatha liti, iwo sankakumbukanso. Mwina m'chaka chomwe akazi awo anadwala, pamene madzulo aliwonse ankapezeka pakhomo, kuwatenthetsera madzi ndi kuwatembenuza pabedi. Akanakhala pamsewu, zonsezo zikanagwera ana. Mayi anamwalira iwo asanawauze zimenezi, ngakhale moni anali atayambiranso kupatsana.

Mkati anapeza mwana wa Mayi, amene tsopano ndiye ankayendetsa kampani, akumanga makatoni. Nayenso imvi zinali zitayamba. Anawalandira ndi manja awiri, n'kuwachotsera mafayilo pampando kuti akhale. Anawadandaulira kuti masiku ano zonse n'zapafoni, madalaivala ena amangowadziwa mawu. Zopimitsa maso sanasiye, ndipo munthu amene wangofika kumene kuulendo samutumizanso, koma makasitomala ena amathawira kwa amene safunsa mafunso.

"Malume, bwanji muzibwera masiku ena m'mawa, muzicheza nawo anyamatawa asananyamuke? Ine ndekha sindikwanitsa kuwaona onse."

A Mabuleki anafunsa ngati kumalo kwatsopanoko kuli masitepe ambiri, popeza mawondo anali atayamba mwano. Atamva kuti kuli chikepe, anavomera.

Posakhalitsa lole yodzatenga katundu inafika, ikulowa chafutambuyo pageti lopapatiza lija. A Mabuleki anatuluka msanga, dzanja lili m'mwamba kuti aziilondolera. Woyendetsa anali mzimayi wa msinkhu wa mwana wawo wachisamba. Anawagwedezera mutu mwaulemu pagalasi, n'kuilowetsa kamodzi kokha, osakhudza chipilala. Iwo anatsitsa dzanja akuseka okha, n'kupita kukamufunsa amene anamuphunzitsa.