Marigold Wabwerera Pakati pa Madzi

Utsi wofiira wa chizindikiro utangokwera, Wendell anadziwa kuti nthawi yoolotsa mahatchi yakwana. Madzi a pakati pa chilumba ndi tauni ya Chincoteague anali ataima, ndipo saima nthawi yaitali. Zikwapu zinalira, mahatchi akutchire oposa zana n'kulowa m'madzi kulowera kutauni monga mwa mwambo wa chaka ndi chaka, mitu yokha ikuoneka.

Wendell anali m'boti, kuyang'anira ofooka. Anakalambira kugwira nkhanu m'madzi omwewa, koma kusambira sankatha, ndipo tauni yonse inkadziwa.

"Amwene, nkhope ngati mukupita kumaliro bwanji?" anatero Orville, woyendetsa botilo. "Wakwatira kwa mphenzi saopa kung'anima."

"Yendetsani boti, pakamwapo papume."

Chinkamudya Wendell chinali china. M'mawa anaona kuti kamwana ka Marigold, hatchi yaikazi yokalamba, n'kanthete, sikangaoloke. Anakakweza m'galimoto ya mlongo wake Darlene kuti kadutse pamlatho. Mayi ndi mwana amayenera kukwera limodzi, koma iye, pothamangira kuti aoloke madzi asanadzuke, anamusiya Marigold m'gulu.

Pakati penipeni, Marigold anatembenuka. Anayamba kusambira kubwerera kuchilumba kukafuna mwana, akulira, akugundana ndi anzake. Udzu woyandama nawo unali utayamba kuyenda. Madzi anali atadzuka.

Wendell anadzambatuka. Anaponya chingwe, chinaphonya. Anaponyanso atasuzumira kunja kwa boti, madzi akuda ali pansi pa chibwano. Chinakola khosi, koma Marigold anakoka mpaka boti linapendekeka. Mphuno zake zinamira, n'kutulukanso.

"Tayani chingwecho, mutiphetsa," anatero Orville, nthabwala zitamuthera.

"Imbirani Darlene. Atsitse kamwanako, apite nako m'mphepete mwa madzi."

Mawu a Darlene anamveka pafoni: "Achimwene, kuno anthu ndi pikitipikiti, ndidutsa pati?"

"Kankhani, achemwali. Kangolira basi."

Anadikira. Chingwe chinkamusupula zikhatho, madzi akulikokera boti cham'mbali, kumene kuli kuya. Kenako, pakati pa phokoso lonse la khamu, kunamveka kamawu kopyapyala. Marigold anaimika makutu. Chingwe chinalefuka.

Marigold anatuluka m'madzi womaliza, akudzandira, n'kukanunkhiza mwana wake kuyambira kumutu mpaka kumchira.

M'mawa mwake kunali okushoni, msika wogulitsa ana a mahatchi. Kamwanako kanagulidwa ndi banja lina la kutali, anthu abwinobwino, ana awo akulumphalumpha. Poti kanali kakuyamwabe, anawauza kuti adzakatenge pakatha miyezi itatu, ndipo mayi ndi mwana anabwezedwa kuchilumba limodzi.

"Zathatu bwino, amwene," anatero Orville.

Wendell anayang'ana kuchilumba. Ankaganiza za tsiku lodzakatengalo. Ankadziwa kuti Marigold adzalowanso m'madzi, ndipo kutsidya sikudzakhala womulirira.