Nditseke Kapena Ndidulenso?

Wafizikisi anatha zaka zitatu akupanga makina oyeza kulimba kwa zotupa. Ankati mnofu wa khansa umalimba mosiyana ndi wabwinobwino, ndipo makinawo ankaudina ndi kasingano n'kutulutsa manambala. Tizidutswa toyeserera tinkabwera m'timabotolo kuchokera kuchipatala. Mwini wakeyo sankapondako n'komwe, chonsecho ndi tsidya lina la msewu chabe. Anthu ophunzira, ndithu.

Ndiye achemwali ake anapezeka ndi chotupa m'bere. Wafizikisi atachonderera, dokotala wowachita opaleshoni analola kuti makinawo aikidwe m'kachipinda koyandikana ndi mochitira opaleshoni.

"Funso langa ndi limodzi," anatero dokotalayo. "Ndikadula, mundiuze ngati ndachotsa chonse. Muli ndi mphindi makumi awiri."

Namwino anabweretsa kanyama kofiira ka m'mphepete mwa bala. Kasingano kanatsika. Manambala anatuluka ang'onoang'ono, oti sanawaonepo chiyambire. Wafizikisi anazimitsa makina n'kuyatsanso. Omwewo. Anagwedeza mawaya, n'kupukuta magalasi ake ngati vuto linali m'maso. Mutu unaima.

"Sisitala, bwanji kanyamaka kali kofewa chonchi?"

"Si kangochoka kumene m'thupi?"

"Nanga tija mumanditumizira tija?"

"Timayamba tativiika m'mankhwala kuti tisawole. Amalimbitsa mnofu. Chilichonse chotuluka muno chimalowa m'botolo. Lero tapatula chifukwa mukufulumira."

"Bwanji simunandiuze?"

"Munafunsa?" Sankanyoza namwinoyo, nayenso anali atasokonezeka.

Zaka zitatu zonsezo wafizikisi ankayeza mnofu woumitsidwa. Nambala ya khansa yongochoka kumene m'thupi sankaidziwa. Kaya ndi iyi, kaya si iyi. Anachita mantha.

Mawu a dokotala anamveka kuseri kwa chitseko. "Nditseke kapena ndidulenso?"

Anayang'ananso manambala aja, ngati angamumvere chisoni.

"Sindikudziwa, adokotala."

"Chabwino. Titseka, tidikire zotsatira zakulabu monga mwa masiku onse. Milungu iwiri."

Panja, pabenchi ya m'khonde, alamu ake anali atafukata nsapato za akazi awo. Anadzuka mofulumira.

"Alamu, makina ati chiyani? Paja dzulo achemwali anu amauza wodi yonse kuti alibe mantha, poti mlongo wawo akhala ali momwemo."

Wafizikisi anakhala pansi, nawapempha kuti amugwiritseko nsapato imodzi.