Giyabokosi yopanda kulatchi

Pikapu ya malemu bambo, ija anagula kwa asilikali atatopa nayo, inkalavula giya yachiwiri ikangoona chitunda. Chitsirizira, mtsikana wowotcherera zitsulo, ndiye ankakwawa pansi pake Loweruka lililonse, dzimbiri likumugwera m'maso. Mchimwene wake wamkulu anali atamuuza pamaso pa abale onse kuti, "Ukaidzutsa ndi yako, chemwali. Uzinyamulira mageti ako."

Anagawana ntchito. Chitsirizira anatsitsa giyabokosi yakufayo, anayeza shafiti, anasula chitsulo chokhazikapo ina. Achimwene ntchito yawo inali imodzi basi, kukasaka giyabokosi yabwino kwa ogulitsa zotsala za magalimoto.

Tsiku lomwe inafika, Chitsirizira anavundukula chiguduli chomwe anaikutira nacho. Anaizungulira, anagwada, anapisa dzanja. Foloko ya kulatchi panalibe, ngakhale bowo lake.

"Achimwene, akupusitsani! Iyi ndi otomatiki."

"Sanandipusitse. Ndinachita kusankha."

"Nanga zonse ndinayeza zija?"

"Uyezanso, si ndiwe katswiri? Chopondera kulatchi chija ungochizula."

Asanayankhe, mlamu wake, mkazi wa achimwenewo, anatulukira atakumbatira nsalu zamaluwa zokutira mipando. Mayi ameneyu kusintha magiya kunamukanika kalekale, mpaka womuphunzitsa kuyendetsa galimoto anachita kugwira mutu.

"Alamu, mpandowu umasunthika? Miyendo yangayi ndi yaifupi, ine."

Chitsirizira anayang'ana nsaluzo, kenako mchimwene wake. Mchimwene wakeyo anali kalikiliki kukanda utoto wobiriwira pachitseko ndi chikhadabo.

"Munapangana liti zimenezi?"

"Usayambe mkamwa mwakomo. Uzibwereka ukafuna, si ndife amodzi?"

"Ndizibwereka? Msana wanga ndathyolera pansi apa kuti ndizibwereka?"

Mlamu uja anatsitsa nsalu pang'onopang'ono. "Bambo a kunyumba, kodi simunamuuze?"

"Ndikanamuuza akanagwira sipanala ameneyu? Ukumudziwa."

Anatero akuseka, ngati wanena chanzeru. Chitsirizira anayang'ana pomwe panali zida zake. Hamala inali pafupi, galasi la kutsogolo linalinso pafupi, koma galasilo analipukuta yekha dzulo lake. Anatola masipanala ake, mmodzimmodzi, kuwaponya m'chidebe. Anamasula jeke, pikapu ija inakhala pansi ndi kubuula.

"Iwe, ndiye atimangira ndani?"

"Sankhaninso, achimwene. Kusankha mumatha."

Anakoka jeke yake kutuluka nayo pageti, timatayala tachitsulo tikulira pamiyala.